Mphunzitsi Sagwira Khasu

Matenda a Januario anayamba ndi mphotho, ndipo chowawa n'chakuti onse amene anamudwalitsa ankamukonda.

Chinali chaka cha 1938. Januario anali m'chaka chomaliza pasukulu ya mishoni yosula aphunzitsi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi kuchokera kwawo kufupi ndi Nsaru. Anali mnyamata wamapewa otambalala, wokulira pakhasu ndi m'chigafa cha fodya. Pasukulupo tsiku linkayenda ndi belu. M'mawa kunali Misa ndi maphunziro, dzuwa likapendeka anyamata onse ankalowa m'munda wa sukulu, ndipo akaweruka kumeneko ankathamangira pabwalo kukamenya mpira opanda nsapato mpaka chisisira. Januario ankaima kumbuyo pafupi ndi golo, ndipo wofuna kumudutsa ankayamba walapa machimo ake. Akafika pamphasa, tulo tinkamupeza asanamalize n'komwe pemphero.

Koma analinso ndi mutu. Masamu, Chingerezi, katekisimu, zonse ankangomeza. Mkulu wa sukuluyo, wansembe wachizungu amene anyamata anamutcha Bambo Chandevu, anali ndi njala imodzi: kuti pamayeso a Boma a aphunzitsi, mwana wa pasukulu pake adzapose ana a mamishoni ena onse. Tsiku lina anamuimika Januario pamaso pa anzake.

"Kuyambira lero iwe kumunda ayi, kumpira ayi," anatero Bambo akusisita ndevu zawo. "Nthawi imeneyo uziwerenga. Manja alipo ambiri pano, koma mutu ngati wakowu ulipo umodzi."

Anamupatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi. Munali tebulo, mpando ndi kazenera kongokwanira nkhope. Anyamata anachita nsanje yosabisa. Ambrose, mnzake wogona naye moyandikana, anamugwadira mwachipongwe.

"Bwana, mukadzakwera musadzatiiwale ife anthu a matuza!"

Januario anaseka nawo, mtima uli mbee. Ndani akanakana ulemu wotere?

Mwezi usanathe tulo tinamuthawa. Ankagona thupi lili lopepuka, losatopa, mutu wokha ukuyendabe ndi masamu, ndipo tambala ankalira iye akali maso. Kenako kunabwera mantha. Anali mantha opanda mwini, osachokera kwa munthu kapena chilombo. Ankangomugwera ali phee patebulo. Mtima unkayamba kugunda ngati munthu akusinja pachifuwa, m'manja munkatuluka thukuta, zilembo n'kuyamba kuyenda papepala ngati nyerere. Kunja ankamva anzake akufuula pabwalo, iye atagwira m'mphepete mwa tebulo kudikira kuti chinthucho chipite.

Sanauze munthu, ndipo chifukwa chake anali nacho. Chaka chapitacho mnyamata wina anayamba kulankhula yekha, ndipo anamukweza pangolo kumubwezera kwawo, osabweranso. Bambo ananena poyera tsikulo kuti mishoni singaike munthu wa mutu wosakhazikika patsogolo pa ana. Januario ankadziwa kuti akangoti kukamwa yasa, malo ake pasukulu atha, mayeso salemba, ndipo uphunzitsi umene mbumba yonse inkaudikira upita. Tsono anakhala chete. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Thupi lokha silidziwa kusunga chinsinsi. Pofika tchuthi cha Khirisimasi kabudula ankamumanga ndi chingwe, maso atalowa m'kati. Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Waonda, mwana wanga. Pita kwanu ukadye za amayi ako. Tenga mabuku. Lamulungu lotsatira Chaka Chatsopano ndidzabwera kudzachita Misa kwanuko. Ndikadzakupeza uli bwino, tidzabwerera limodzi pamthuthuthu, udzalembe mayeso."

Mawu oti "ndikadzakupeza uli bwino" anayenda naye njira yonse. Komabe ulendowo unamuchitira chifundo. Podutsa madambo odzaza madzi, matope akulowa pakati pa zala, anamva chifuwa chikumasuka pang'ono, ndipo anaganiza kuti ndi mphepo ya kwawo.

Bambo ake a Januario anali mtchona. Anapita ku Halale iye ali wamng'ono, osamvekanso. Amene anamulera anali amayi ake, a Ezeliya, mothandizidwa ndi mlongo wawo a Chakufwa, mwini mbumba. A Ezeliya anali mayi wolimba, wa kolona m'khosi, wosadziwa kuchita chinthu mwatheka. Atamuona mwana wawo akutulukira, anathamangira m'nyumba, natuluka ndi mpando watsopano umene a Chakufwa anasema. Anagwada pomupatsa madzi.

"Takulandirani, aphunzitsi."

"Amayi, ndine Januario yemwe uja."

"Eya, tikudziwa. Khalani pampando, aphunzitsi, pansi pali fumbi."

M'mawa mwake Januario anadzuka n'kuyamba kusuzumira kuseri kwa chitseko, pansi pa nkhokwe, pakhonde. Amayi ake anamupeza atawerama.

"Mukufuna chiyani?"

"Khasu. Ndaona pobwera, udzu wakula m'chimanga."

A Ezeliya anagwira pakamwa. Mbiri ya mphotho ija inali itafika kale kudzera mwa akatekisiti, ndipo iwo anali atailengeza pachitsime, pamtondo ndi pamaliro pomwe.

"Khasu? Azungu eni ake adakuchotsani kumunda, ndiye ine Ezeliya ndikubwezereni? Anthu adzati chiyani, kodi? Adzati amuthamangitsa sukulu. Mphunzitsi sagwira khasu. Inu werengani, udzuwo ndi wanga."

Makasu anali atawabisa kwa anansi iye asanafike. Nkhuni anamuletsa kuwaza, mbuzi anamuletsa kumasula. Ntchito yake inali kukhala pampando pakhonde, buku pamiyendo, anthu odutsa n'kumuwombera m'manja. Ndipo chinthu chija, chimene anayesa kuti wachisiya kuseri kwa tchalitchi, chinamulondola n'kumupeza pampando pomwepo.

Tsiku lina a Chakufwa anabwera kudzacheza, ndipo anaona chikho chikunjenjemera m'manja mwa Januario mpaka madzi kutayikira pabuku. Anawaitanira mlongo wawo kuseri kwa nyumba. Ankayesa akunong'ona, koma a Chakufwa kunong'ona sanabadwe nako.

"Mlongo, mwanayu amuchita chipongwe. Mwamuika pakhonde ngati mbuzi ya malonda, aliyense azimuona. M'mudzi muno si onse akukondwa, eti. Tiyeni naye kutsidya kwa Bua, kuli munthu wodziwa mitengo."

"Mphini pathupi la mwana wa mishoni? Achimwene, Bambo akadzaziona ndidzati chiyani? Ayi. Ndimupempherera."

"Pempherani, koma maso a anthu muwachotsepo."

Anakanganakangana, kenako anagwirizana chimodzi, ndipo chinali choipa kuposa ziwiri zimene anakanizana. Mpando unalowa m'nyumba. Januario aziwerengera m'kati, chitseko chili chotseka, kuwala kukungolowera pakampata ka pansi pa denga, ndipo kunja azituluka pokhapokha wafuna kuthengo. Iye anamva zonse ndipo sanatsutse. Mwina akunena zoona, anaganiza choncho. Mwina alipodi wina amene akundifinya pakhosi.

M'nyumbamo masiku anasiya kusiyana. Chakudya chinkabwerera mmene chabwerera. Ankawerenga mzere umodzi kambirimbiri osatolapo kanthu, ndipo akatseka buku ankaona ngolo ija, ng'ombe zikukoka, iye atakhala kumbuyo. Lamulungu la Bambo linkayandikira. Ankadzifunsa kuti adzaima bwanji pamaso pawo manja akunjenjemera chonchi, ndipo funsolo linkawonjezera kunjenjemerako.

Udzu nawo sudikira kuti pakhomo pali mavuto. Chimanga cha a Ezeliya chinayamba kufiira, ndipo poti panalibe mwamuna wolima, anafulula mowa n'kuitana dima. Tsiku la dima anansi amabwera ndi makasu awo, amaima mondandalikana, aliyense ndime yake, n'kupalira munda wonse ndi nyimbo, akatha n'kukhalira mowa. Mundawo unali pafupi, kungodutsa makola a mbuzi.

Nyimbo inayamba dzuwa litangotuluka. Wotsogolera ankatchula alesi mayina, ena n'kuvomera, makasu akugwa pamodzi, khu, khu, khu. Januario ali pampando anamva kugwa kwa makasuko m'mapewa mwake. Kenako chinthu chija chinabwera, ndipo tsikuli chinabwera ndi ukali wonse. Mpweya unakana kulowa. Makoma anayamba kusendera. Mtima unagunda mpaka m'makutu, ndipo anadziwa, kudziwa kwenikweni, kuti akakhalabe pampandopo afa kapena ayamba kukuwa osasiyanso. Misala ija ndi imeneyi, yafika, anatero mumtima. Anakankha chitseko n'kuliyatsa liwiro.

Sanasankhe kolowera, miyendo ndi imene inasankha. Anadumpha mpanda wa khola, nkhuku zili balala, n'kutulukira m'munda atavala malaya oyera a kusukulu. Pachulu panali khasu limene mwini wake analitsamiritsa popita kuthengo. Analitola, n'kulowa pandime yosiyidwayo, n'kuyamba kupalira.

Poyamba ankangotema, kutema kwa munthu amene akupha njoka. Koma mpini unali wosalala bwino, dothi linali lofewa ndi mvula ya dzulo lake, ndipo msana unakumbuka zimene mutu unaiwala. Mpweya unayamba kulowa ndi kukwera kwa khasu, n'kutuluka ndi kugwa kwake. Thukuta linatsika m'khosi. Mtima unkagundabe kwambiri, koma tsopano unali ndi chifukwa chogundira, ndipo sunkamuopsanso. Anamva fungo la dothi ndi la chisoso chodulidwa. Anadutsa munthu woyamba, wachiwiri, mpaka wotsogolera nyimbo yemwe. Atafika kumapeto kwa ndime anaweramuka, n'kupeza kuti m'chifuwa mulibe kanthu. Chinthu chija chinali chitapita. Chimwemwe chinamugwira mwadzidzidzi, ndipo anaseka mokweza, mutu uli chagada, mpaka misozi.

Apo m'pamene anazindikira kuti nyimbo inasiya kale. Anthu onse anali ataima, makasu ali m'manja, akumuyang'ana. Tsono taganizani zimene iwo anaona. Mwana wa sukulu amene amubisa m'nyumba chifukwa akudwala watulukira akuthamanga popanda chomuthamangitsa, walanda khasu la mwini osapereka ndi moni womwe, walima ngati wagwidwa ndi mizimu, malaya oyera ali matope okhaokha, ndipo tsopano akuseka yekha kumapeto kwa munda.

"Ayamba," mayi wina ananong'ona. "Kalanga ine, mabuku aja."

A Ezeliya anali akubwera ndi mtsuko wa mowa pamutu. Anautula pansi bwinobwino, n'kukhala pambali pake, n'kuyamba kulira ngati pagwa maliro. Januario anafuna kuwauza kuti asalire, koma njala imene anali atayiiwala inamugwira m'mimba. Anamwa thobwa chikho chathunthu osapumira, n'kutenganso ndime ina, anthu akumupatukira. Dzuwa litafika pamutu anabwerera kunyumba, anadya zonse zimene anapeza, nagwa pamphasa. Anagona masana onse ndi usiku wonse, kufikira dzuwa la mawa lake litakwera, moti amayi ake ankabwera kudzaika dzanja pamphuno pake.

Anadzuka mapewa akuwawa, m'manja muli matuza, koma mutu uli mbee. Anatsegula buku la masamu. Zilembo zinakhala pamalo pake, ndipo samu imene inamukanika mwezi wathunthu inamasuka yokha. Anakhala kanthawi akuyang'ana matuza akewo, ndipo zonse zinayamba kulumikizana. Sanamulodze munthu. Chinthucho chinayamba atamuchotsa kumunda ndi kumpira, chinachepa tsiku limene anayenda ulendo wapansi, ndipo dzulo chinathawa khasu. Anadzambatuka kuti akawauze amayi ake, koma chitseko chinakana. Chinali chopiringidza kunja.

"Amayi! Atsibweni! Tsegulani, ndachira!"

"Tamva, mwanawe," a Chakufwa anayankha ali pakhonde. "Gona."

"Ndikunena zoona. Chimandidwalitsa ndi kukhala. Ndipatseni khasu m'mawa uliwonse, masana ndiziwerenga, muona nokha."

"Mwamva, mlongo? Akuti mpando ndi umene ukumudwalitsa. Chibadwire ine sindinaone munthu wodwala chifukwa chopumula."

"Atsibweni, sindine wamisala!"

"Alipo anavomerapo?"

Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo, koma mwambiwo amaukumbuka nkhondo itafika kale. Januario anafotokoza mofatsa, iwo anati taonani mmene wafookera. Anafotokoza mokweza, iwo anati taonani ukali. A Ezeliya ankangosisima kuseri kwa chitseko, mikanda ya kolona ikuyenda m'zala.

Pofika tsiku lotsatira chinthu chija chinayamba kusuzumiranso, ndipo Januario anachita mantha kuposa kale, poti tsopano anali atalawa kuchira. Ndiye anaganiza nzeru. Ngati sangapite kumunda, atopetsa thupi m'nyumba momwemo. Anakankhira mpando kukhoma n'kuyamba zimene ankachita pasukulu asanalowe m'bwalo la mpira: kuthamanga pamalo amodzi, kunjuta n'kudzuka, kudumpha akutambasula manja ndi miyendo. Zinathandiza ndithu. Koma pansi pankamveka mididi, ndipo chitseko cha bango chili ndi mipata. Diso limodzi linasuzumira, kenako maso anachuluka, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unadziwa kuti mwana wa a Ezeliya akuthamanga osapita kulikonse ndipo akudumpha ngati chule.

Madzulo ake a Chakufwa analowa ndi amuna awiri ndi luzi. Sanamumenye, ndipo ankamupepesa pomumanga.

"Ungadzipweteke, mwanawe. N'zokuthandiza izi."

Anamumanga manja kumzati wa pakati pa nyumba. Usiku ndi usana anakhala pamenepo, akukoka luzilo chinthu chija chikabwera, mpaka khungu la m'mikono linanyuka. Mkwiyo unali utamuthera, anangotsala ndi mantha. Ankapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti Lamulungu lifike akadali ndi nzeru zokwanira kuyankha mafunso a Bambo. Akangokwera pamthuthuthu paja, akapeza njira. Akapempha Ambrose kuti azimuitana kumpira, ngakhale mozemba.

Loweruka madzulo a Ezeliya anamumasula okha. Anamutenthetsera madzi osamba, anachapa malaya aja mpaka anayeranso, ndipo anabwereka jekete kwa akatekisiti kuti mikono isaoneke.

"Mawa musanene kanthu, aphunzitsi," anatero akumupaka nsatsi pazilondazo. "Muyankhe zokhazo akufunsani. Achimwene ndawauza kale atseke pakamwa. Mukangochoka muno, kumishoni kulibe anthu oipa, mukachira."

Januario anagwedeza mutu. Kwa nthawi yoyamba iye ndi amayi ake ankafuna chinthu chimodzi.

Mthuthuthu unamveka m'mawa kuchokera kudambo. Misa itatha, Bambo Chandevu anabwera kunyumba, anthu akuwatsatira chapatali ngati alibe nazo ntchito. Anawakhazika pampando uja pakhonde, Januario anakhala pamphasa, manja atawabisa pakati pa mawondo. Bambo anafunsa samu, iye anayankha. Anafunsa za Chingerezi, anayankha. Mawu ankatuluka owongoka, ngakhale thukuta linkayenderera m'kati mwa jekete. Bambo anamwetulira.

"Maso akadali ofiira, koma mutu ulipo. Tenga mabuku, tizipita."

A Ezeliya anatulutsa mpweya umene anausunga sabata yathunthu. Bambo anaimirira, n'kutambasula dzanja kuti amudzutse mnyamatayo pamphasa, ndipo anamugwira mwamphamvu, mwachikondi. Matuza ophulika aja anabaya. Januario anakoka dzanja asanaganize, mkono wa jekete n'kukwera. Chilonda cha luzi chinaonekera, chozungulira mkono wonse.

Bambo anatembenuza dzanjalo, n'kukweza mkono winawo, n'kupezanso chimodzimodzi.

"Ichi n'chiyani?"

A Ezeliya anayang'ana pansi. A Chakufwa anakanda m'mutu, anatsokomola, kenako chilungamo chinawapambana, poti anali munthu wosatha kunyamula bodza.

"Bambo, tisakubisireni, mungakavutike naye panjira. Mwanayu mutu unasokonekera. Tinamumanga ndife, kuopa angadzipweteke."

Ndipo anafotokoza zonse, za liwiro, za khasu la mwini, za kuseka yekha, za kudumpha m'nyumba. Sanawonjezepo kanthu. Januario ankamvetsera, ndipo anazizidwa pozindikira kuti nkhaniyo ikanakhala ya munthu wina, iyenso akanaikhulupirira. Chimene chinatsala chinali choona chokha, ndipo anaganiza kuti munthu wophunzira ngati Bambo achimvetsa. Anagwada.

"Bambo, ndimvereni. Zimene anena atsibweni zinachitikadi, koma si misala. Ndikakhala osagwira ntchito, tulo sitibwera, mtima umathamanga, ndimachita mantha popanda chondiopsa. Ndikalima zimatha. Ndibwezereni kumunda ndi kumpira pamodzi ndi anzanga, ndipo mayeso ndidzakhoza, ndikulonjeza."

"Mantha amenewa anayamba liti?"

Apa akanatha kunena kuti anayamba pa Khirisimasi. Amayi ake ankamuyang'ana ndi maso opempha. Koma iye ankafuna kuti Bambo aone pamene panayambira vuto.

"Mwezi womwe munandipatsa kachipinda kaja."

Nkhope ya Bambo inagwa. Januario anaona milomo yawo ikuyenda m'kati mwa ndevu, akuwerenga miyezi, ndipo anadziwa kuti wadzitchera yekha. Iye ankaloza kachipinda, koma Bambo anangoona kutalika kwa matenda.

"Nthawi yonseyi, ine osadziwa," anatero Bambo motsitsa mawu. Anaika dzanja pamutu pa Januario, ndipo m'maso mwawo munali misozi yeniyeni. "Ndalakwa ndine, mwana wanga. Ndakusenzetsa mabuku ambiri, mutu watopa. Sindingakutenge uli chonchi. Pamayeso ndiika wina."

"Bambo, chonde, khasu lokha!"

"Wodwala sadzisankhira mankhwala." Anatembenukira kwa a Ezeliya. "Luzi ayi, musam'mangenso. Koma apumule. Buku ayi, ntchito ayi, padzuwa ayi. Akhale phee m'nyumba. Mwina chaka china tidzaona."

Aliyense pakhondepo ankadziwa tanthauzo la "mwina chaka china." A Chakufwa anawomba m'manja kuthokoza kuti Bambo anena zomwe iwo ankanena. Mabuku anawamangirira kumbuyo kwa mthuthuthu, pamalo pamene pakanakhala Januario, ndipo phokoso lake linamveka nthawi yaitali likutsikira kudambo. Januario anavula jekete, analipinda bwinobwino, n'kulipereka kwa amayi ake kuti akabweze. A Ezeliya anakhala atalifungatira jeketelo mpaka dzuwa linalowa, ndipo tsikulo pakhomopo sipanasonkhedwe moto.

Lolemba m'mawa Januario anakankha chitseko n'kupeza chosapiringidza. Makasu anali atabwerera pansi pa nkhokwe, poti panalibenso chifukwa chowabisira. Anasankha lolemera. A Chakufwa, amene anagona pakhonde, anadzuka n'kumutsekera njira.

"Ukupita kuti? Sunamve zimene anena Bambo?"

"Ndamva, atsibweni. Bambo amalamula ana a sukulu yawo, ndipo ine dzulo anandichotsa. Munkati mphunzitsi sagwira khasu. Pano palibe mphunzitsi."

Ananena mosakweza mawu, akuwayang'ana m'maso. A Chakufwa anayang'ana khasulo, anayang'ana mapewa a mnyamatayo, n'kupatuka.

Dima ija inabalalika pakati, ndipo mbali ya kumunsi kwa munda inali ikadali thengo. Januario anakulunga sanza m'manja n'kuyamba. Ankalira uku akupalira, osabisa, poti uphunzitsi ankaufuna ndi mtima wonse ndipo unali utapita. Komabe mpweya unkalowa mpaka pansi pa chifuwa, ndipo manja sankanjenjemera.

Ali pakati pa ndime anamva mapazi kumbuyo. Anali amayi ake, maso atatupa, khasu lawo lili paphewa. Anaima pafupi naye. Januario anagwiritsa mpini, kudikira kuti ayambe kumuchonderera kapena kuitana anthu a luzi, ndipo mtima unayambanso kuthamanga. A Ezeliya anamuyang'ana nthawi yaitali mmene khasu linkakwerera ndi kugwa, mmene msana unkaweramira. Kenako anamanga nsalu m'chiuno, analavulira m'manja, n'kulowa ndime yoyandikana nayo. Analima limodzi mpaka pafupi ndi chulu, aliyense akupukuta misozi yake ndi phewa. Pamenepo a Ezeliya anacheuka n'kuloza kumbuyo ndi mpini.

"Iwe Januario, ukusiya udzu. Bwerera ukapalirenso apo."